Timalamba ta Pamkono pa Jekete za Doña Zoila

Munthu akayamba kujambula mapu pa pepala lopukutira pakamwa, inu nyamukani muzipita kwanu, ngakhale tambula ikhale yodzaza. Hermel sananyamuke. Anakhalabe m'bala ya kuseri kwa msika wa Cotacachi, Lachitatu masana, kachasu wa nzimbe wotentha ali m'manja, n'kumamvera Galo. Galoyu anthu amamutchula kuti Injiniya, chonsecho chinthu chokha chimene anamangapo ndi khola la mbira, ndipo linagwera mbirazo.

"Amwene, mbava zopusa zimanyamula thumba," anatero Injiniya. "Thumba limaonekera patali. Ife madolo, thumbalo tivala."

Wachitatu anali Telmo, chimunthu chodzaza khomo, n'chifukwa chake dzina lake ndi Khanda. Analeka kutafuna chimanga chokazinga. "Tivala thumba, akulu?"

"Jekete, mbuzi iwe! Jekete zachikopa za Doña Zoila. Unationa timalamba tija ta kumapeto kwa mikono? Ena amati n'totsekera mphepo pa njinga yamoto, ena amati n'tongotchenera. Ine ndikuti ndi pakamwa pa thumba. Ukamanga pa bowo lomaliza, mkono wonse wasanduka saka. Uponyeramo tizikwama ta ndalama, malamba, magolovesi, kudzera kuphewa. Palibe chogwa. Ukutuluka manja ali lende, ngati bwana."

Hermel sanali mbava yeniyeni, ndipo anthu oterewa ndi amene muziwaopera kwambiri. Iye ndi woimba gitala m'maukwati, anzake amamuitana kuti Zala. Loweruka la sabata yomweyo mwana wake Maritza ankakwatiwa kubanja la osoka zikopa, ndipo Hermel anali atamulonjeza kuti nyimbo yoyamba yovina mkwatibwi adzaimba yekha bambo wake. Koma akaima bwanji pamaso pa asewere atavala kajekete ka pulasitiki kong'ambika kukhwapa, m'tauni imene ngakhale galu amadziwa chikopa chabwino?

"Ine ndingofuna jekete imodzi," anatero. "Yakuda. Zinazo ayi."

"Jekete ndi yako, Zala, koma mikono yake ndi ya kampani."

Dilu yake inali yotere. Lachinayi lililonse basi ya alendo imakhuthulira anthu m'sitolo ya Doña Zoila cha m'ma thwelofu. Atatuwa alowa nawo, n'kubisala kuseri kwa mipukutu ya zikopa. Wani koloko mayiyo amakhoma chitseko n'kupita kukadya kwa mchemwali wake mpaka thu koloko. Kunja pamafunika kiyi, koma mkati pali kachitsulo kakang'ono ngati nyemba, kongopotokola ndi zala ziwiri.

"Zala ziwiri basi," anatero Injiniya, akuzikweza m'mwamba. "Ife tili nazo makumi atatu."

Lachinayi zinayamba bwino, ndipo chinthu choipa chikayamba bwino muzidziwa kuti dzenje lake ndi lakuya. Kiyi inalira, Doña Zoila n'kupita. Atatuwa anatuluka mobisalamo akununkha ng'ombe.

Hermel anasankha yakuda ija. Ataivala anaima pagalasi, mtima n'kumuwawa ndi kukongola. Timalamba take tinali ndi tizitsulo tonyezimira, mabowo atatu atatu. Anamanga pa bowo lapakati, n'kugwedeza zala ngati ali pa gitala. Zinayenda bwinobwino.

"Bowo lomaliza, Zala. Sitinabwere ku ukwati."

Khanda anayesa kuponya kachikwama kuphewa. Kanatsika mumkono n'kutulukira kumunsi, phwa, pansi.

Injiniya anakaona kachikwamako ngati kamutukwana. Kenako maso ake anagwera pa tebulo la Doña Zoila pamene panali chobowolera zikopa. Apa m'pamene mngelo wawo wowateteza anatola chipewa chake n'kutuluka. Anabowola bowo lachinayi pa kalamba kalikonse, kutali ndi anzake, ndipo Khanda anakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka chikopa chinalira. Timalamba ta Khanda mwini tinakokedwa ndi anthu awiri, phazi atatsamiritsa pakhoma.

Musamange dzanja, anthu inu. Magazi ali ndi msewu wake. Wosoka anaika mabowo atatu chifukwa anawerenga mafupa a munthu, sanatope ayi.

"Zikuluma," anatero Hermel.

"Chuma chimaluma. Kweza phewa."

Anapakirana. Tizikwama, malamba opindapinda, magolovesi a ana, mpaka tizikopa tokolekera makiyi. Mkono ukadzaza ankasindikiza ndi mpini wa tsache. Pomaliza Khanda anapakiridwa ndi zibwano, chifukwa zigongono za anzakewo zinali zitaleka kupinda. Anaima atatu pakati pa sitolo, mikono ili tasa ngati nkhuku zotopa ndi dzuwa.

"Mwaona? Palibe chagwa!" anatero Injiniya. "Khanda, tsegula."

Khanda anafikitsa dzanja pa kachitsulo kaja. Zala zake zinali zitatupa ngati chinangwa. Zinangokakhudza n'kuterereka. Injiniya anamukankha ndi phewa n'kuyesa yekha. Chimodzimodzi. Khanda anagwada n'kukaluma ndi mano, kachidutswa ka dzino n'kudumphira pansi pa kauntala.

"Timasule kaye malambawa," anatero Injiniya.

Amasula ndi chiyani? Tizitsulo tinali titamira m'chikopa, chikopa chitamira m'mnofu. Zala makumi atatu zija zinangokandakanda ngati mphaka pagalasi.

Hermel anayang'ana manja ake. Anali atafiira, tsopano ankadera ngati mabilinganya. Anauza chala cha mkombaphala kuti chigwedere. Chinamuyang'ana ngati cha munthu wina.

Belu la tchalitchi linalira kawiri.

"Zidole!" ananong'ona Injiniya. "Imani pawindo pakati pa zidole zovala majekete zija. Osaphethira. Akalowa kuseri, tituluka."

"Koma akulu, zidolezo zilibe mitu," anatero Khanda.

"Ndiye iwe ufanana nazo bwino. Ima!"

Doña Zoila analowa akutokosa m'mano. Mayi ameneyu anayamba kusoka zikopa Hermel asanamere mano, ndipo pa ubatizo wake analipo. Anaona chobowolera chili pansi. Anaona tizidutswa sikisi ta chikopa, tozungulira ngati mphodza. Anaona pawindo. Anatseka chitseko, n'kulankhula pang'ono pafoni motsitsa mawu, kenako anatenga nthenga zopukutira fumbi n'kuyamba kupukuta zidole, chimodzichimodzi, mosafulumira. Pa chidole chachikulu anachedwerapo, makamaka pamphuno. Misozi inatsika m'masaya a Khanda.

Kunagogoda mayi wina wa ku Quito, wovala magalasi akuda, ndipo Doña Zoila anamulowetsa. Mlendoyo anafinya mkono wa Injiniya.

"Koma ndiye yolimba! Mwaikamo chiyani?"

"Ndi mtundu watsopano, mayi," anatero Doña Zoila. "Taonani timalambati. Mukamanga, mphepo silowa. Komanso, monga mukuonera, kanthu satuluka."

Injiniya, pakati pa mavuto onsewo, anatukumula chifuwa pang'ono.

Hermel sankamva zimenezo. Ululu m'manja mwake unali utatha, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa. Dzanja likamawawa ndiye kuti likadali lako. Anaganiza za Maritza atavala zoyera, ataima pakati pa bwalo, akudikira nyimbo ya bambo wake.

"Ukayankhula, kundende," anatero Injiniya ndi ngodya ya mlomo.

"Doña Zoila," anatero Hermel mokweza. "Zala zanga. Chonde."

Mayi wa ku Quito anakuwa n'kuthawa, kusiya nsapato imodzi.

"Taonani zodabwitsa, chidole chikundidziwa dzina," anatero Doña Zoila. Koma atayang'ana manja a Hermel nkhope yake inasintha. "Mwana wa malemu Rosaura, chitsiru iwe! Ukuwononga manja okudyetsa awa?"

Mayi amene sanadulepo chikopa chabwino popanda kuyeza kawiri anatenga pulayala n'kukoka kalamba mpaka kachitsulo kanatuluka. Tizikwama tinakhuthukira pansi ngati mbatata. Mkono winawo chimodzimodzi. Magazi anabwerera ngati linthumbu, ndipo Hermel anakhala pansi n'kulira, akupsompsona zala zake chimodzichimodzi.

Enawo anawamasula pang'ono chabe, kuwabwezera pa bowo lachitatu. Wapolisi atafika anapezeka kuti ali ndi unyolo umodzi wokha.

"Sungani unyolo wanuwo, bwana," anatero Doña Zoila. Analowetsa kalamba ka Injiniya m'kachitsulo ka Khanda, ka Khanda m'ka Hermel. Anatsika nawo msewu wa masitolo a zikopa atagwirana ngati ana a sukulu, osoka onse ali m'makomo, wina akufuula kuti, "Injiniya, saizi yakwana?"

Injiniya anatembenukira kwa wapolisi. "Koma bwana, mulembe kuti palibe chimene chinagwa."

Hermel anatuluka Lachisanu madzulo. Doña Zoila anakauza apolisi kuti pa atatuwo mmodzi yekha ndi amene anali ndi nzeru zopempha, komanso kuti mkwati ndi mwana wa mlongo wake, ndipo iye sangavine nyimbo za pa wailesi. Pakhomo la polisi anamuponyera jekete yakuda ija.

"Yobowolabowola ndingagulitse kwa ndani? Uivale mawa. Ndipo usaivule mpaka mbira yomaliza ya paphwando itadyedwa."

Anaivaladi. Muukwati umenewo munali osoka zikopa okhaokha, ndipo aliyense wobwera kudzamupatsa moni ankamugwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuwerenga mabowo mokweza mpaka anayi. Asewere anawerenga kawiri.

Koma nyimbo anaimba. Zala zinaphonya nsambo poyamba, kenako zinakumbuka njira yake, ndipo Maritza anavina akulira, kaya ndi chimwemwe kaya ndi manyazi, musamufunse. Timalamba tija tinali lende, osamanga n'komwe, tikumenya gitala pa mzere uliwonse.

Mpaka lero Hermel savala ngakhale wotchi. Mukamufunsa nthawi, amayang'ana dzuwa.