Tsiku limene ndinakana galu wanga

Nkhani iyi ndimaikana ndikakhala pa bawo. Koma poti anthu ayamba kuithira mchere wambiri, lero ndiulula ndekha manyazi anga onse.

Ine ndine Mbewe, wa kuno kwa Msakambewa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma kukanakhala mayeso a kuzemba zinthu, bwenzi ndili ndi digiri. Ndili ndi galu wamkazi, dzina lake Mudzatopa, wofatsa ngati mkulu wa mpingo tsiku la mgonero. Chaka chatha titangokolola, anaswera ana asanu m'chigafa changa cha fodya.

Sabata yomweyo amayi a Mvano anayamba kuyenda m'makomo kutolera chimanga cha masika cha kutchalitchi. Ine nzeru zinandibwerera. Ndinanyamula matumba anga onse n'kukawaunjika m'chigafa muja, kuseri kwa galu ndi ana ake. Mlonda waulere.

Lachinayi masana anatulukira mayi Nabanda, akazi a aphunzitsi a Kamanga opuma ntchito aja, bulawuzi ili mbee.

"Masika, a Mbewe."

"Mayi, chaka chino mbozi zandichita chipongwe. Ngakhale makoswe asamuka pakhomo pano."

"Nanga njere zatayika kuyambira pakhonde mpaka kuchigafazi, zafesa ndi mbozi?"

Anayamba kuzilondola. Ndikanatha kuwachenjeza, koma ndinati galu angouwa, iwo athawa, nkhani itha. Ndinaiwala kuti galu woyamwitsa sawononga nthawi ndi kuuwa. Anangowagwira pakatumba kamodzi, n'kubwerera kukagona pa ana ake ngati wangosayina kalata.

Kwathu kuno lamulo lake ndi lodziwika: galu akaluma munthu, mwini wake amalipira ulendo wa kuchipatala, n'kuwonjezapo chipepeso. Ine pakhomo ndinali ndi mbuzi imodzi yokha, yabere. Mayi aja akukwezedwa pa kabaza, ine maso anali pa mbuziyo.

M'mawa mwake kunabwera njinga yamoto. Kutsogolo alangizi a ziweto, kumbuyo a Kamanga atagwira chipewa. Akuti achipatala akufuna kudziwa ngati galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe.

"Galu wanu ali kuti, bambo?" anafunsa alangizi.

"Galu wanga? Ine galu ndilibe, bwana."

A Kamanga anavula magalasi. "A Mbewe, galu uja amakuperekezani ku maliro alionse. Mwezi watha anagona pansi pa benchi yanu m'tchalitchi."

"Ndi wopemphera chabe, aphunzitsi. Anamusiya matenanti a ku esiteti atabwerera kwawo ku Mulanje. Amangonditsatira, mwina ndimafanana ndi mbuye wake."

Ndisanatseke pakamwa, Mudzatopa anatuluka m'chigafa, mchira uli pukupuku, n'kudzandinyambita phazi.

"Choka, iwe galu wachilendo," ndinatero.

Anagona chagada kuti ndimukande pamimba.

"Ali ndi ulemu mlendoyu," anatero a Kamanga.

Apa anthu anali atayamba kusonkhana, ena atasiya ndowa panjira ya kumjigo. Akazi anga, Nangondo, anaima pakhomo la khitchini atapinda manja. Ndinaona kuti mawu okha sakukwanira, pakufunika umboni. Munthu amene galu si wake amatani? Amathamangitsa banja lonse.

"Ndatopa nazo zinyalala za eni," ndinalengeza mokweza. "Lero lomwe zichoke pamalo panga."

Ndinatenga dengu n'kulowa m'chigafa. Alangizi anati, "Bambo, musakhudze anawo." Ine mumtima ndinaseka. Galu ndinamulera ndekha ndi phala, angandichite chiyani? Ndinawerama n'kunyamula kamwana koyamba. Kanalira kuti kwii.

Abale anga, galu woyamwitsa alibe mbuye. Mudzatopa anabwera chakumbuyo mwakachetechete, n'kusankha malo amene panali nyama yambiri. Ndinatuluka m'chigafamo buluku lili pendapenda ngati mbendera, amayi a kumjigo akuphimba kumaso ndi zala zotakasuka.

"Mayo, wandipha!"

"Ndani, a Mbewe?" anafunsa a Kamanga.

"Galu... wa matenanti."

Alangizi anatulutsa kope ndi bolopeni. Anali mnyamata wodekha, wa mtundu uja wosaseka pa ntchito.

"Ndiye nkhani yakula," anatero. "Galu wopanda mwini, katemera sitikumudziwa, waluma anthu awiri masiku awiri. Inu ndi mayi aja muyambe majakisoni a chiwewe lero, ndipo mudzabwererako kangapo. Galuyu aphedwe, mutu wake tikauyeze. Pali amene ali ndi chibonga pafupi?"

Mlamu wanga wina, amene Mudzatopa anamudyerapo mazira, anathamanga kukatenga. Sindinamuonepo akuthamangira ntchito chotero.

Ndinayang'ana galu wanga. Anali atakhala pakhomo la chigafa, makutu atagwa, akundiyang'ana ngati akuti pepani bambo, koma mwayamba ndinu. Kumbuyo kwake tiana tisanu tosatsegula maso. Kenako ndinayang'ana mbuzi. Inkangotafuna, yosadziwa kuti mlandu ndi wake.

"Bwana," ndinayamba, "mwina tisafulumire. Galu ameneyu ndikumuona ngati wobayidwa."

"Mwaonera chiyani?"

"Kayendedwe."

"Kayendedwe sindingalembe m'kope. Chiphaso cha katemera."

Mlamu anafika ndi chibonga, akuchiyesa m'manja.

"Nangondo," ndinaitana ndi mawu aang'ono, "takatengani kapepala kaja kali m'Baibulo."

Akazi anga sanasunthe. "Kapepala ka galu wa matenanti kakafuna chiyani m'Baibulo mwathu, bambo a Yosefe?"

"Mayi, chonde."

"Nenani bwinobwino, anthu amve. Ena ali kumbuyo."

Ndinanena. Ndinanena nditagwira thako ndi manja awiri, pamaso pa mudzi wonse, kuti galu ndi wanga, dzina lake Mudzatopa, ndinamugula ndi nkhuku ziwiri ku Dzoole. Chiphaso chinabwera. Alangizi anawerenga mokweza dzina la mwini, kenako anabwerezanso, akuti mphepo inawasokoneza. Anati galu amangidwe masiku khumi tizimuona, ndipo tonse olumidwa tikaonane ndi adokotala basi.

A Kamanga anamasula mbuzi yanga okha, mwaulemu, ngati akutsogolera mkwatibwi. Atafika pampanda anatembenuka.

"Koma chilungamo chichitike mbali zonse, a Mbewe. Inunso mwalumidwa, ndipo bala lanu ndi lalikulu kuposa la akazi anga. Musamusiye mwini galuyo. Ndi munthu wovuta, wabodza, koma mukamupanikiza amalipira."

Kuchipatala ndinapita nditaimirira pa mapedulo a njinga njira yonse, zitunda zonse zija. Namwino anafunsa ngati mwini galu ndikumudziwa. Ndinati ndikumudziwa, koma sitikulankhulana.

Ngati mwaganiza zokana galu wanu pagulu, yambani mwakhala pansi.