Maso a Mlonda wa ku Al Hilal

Iwe amene ukusekera pakonapo, seka ndithu, koma ukatuluka muno ufunse aliyense m'dera lathu lino la Najma, kuyambira ogulitsa tiyi mpaka madalaivala a basi, akuuza kuti ine Chimkwende ndinapulumutsa ntchito yanga ndi maso awiri okhawa, ndipo ngati ndikunama, mpunga wa Lachisanu umene mwandiitanirawu unditsamwe pompano.

Nthawi imeneyo ndinali mlonda pageti la kompaundi ina ku Al Hilal. Tsiku lina ndinatsegulira galimoto yolakwika, yoyera ngati zinzake zonse za mu Doha muno, ndipo supavayiza, mwana wobadwa dzulodzuloli, anabwera ndi fayilo kukhwapa n'kundiuza kuti, "Baba, maso anu atha. Mwezi ukatha, khalas, ntchito yatha, tikiti ya kwanu." Mwana wanga wamkazi, Tadala, anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu ya unamwino. Mtima unandiwawa, anyamata inu, moti ndinatha masiku atatu chakudya chisakutsika.

Mu villa nambala seveni munkakhala injiniya wa ku America, a Dale, ndipo iwowo ndi anzawo ali ndi misala yawo ya chaka ndi chaka. Kwawoko kuli mpira wonga dzira, woseweredwa ndi manja anthu atavala zipewa zolimba, ndipo mwezi wa Epulo matimu akuluakulu amasankha anyamata a ku koleji mmodzimmodzi, mosinthana. Tsono tsiku lenileni lisanafike, a Dale amasonkhanitsa anzawo khumi ndi mmodzi, aliyense n'kudziyesa mwini timu, n'kumasankha mwabodza kuti pambuyo pake aone amene analondola. Amati mock draft. Mphotho palibe, koma amakangana ngati akugawana munda wamasiye.

Lachisanu la masewera awowo masana mmodzi wa iwo anatsegula m'mimba, mpando wake n'kutsala wopanda munthu. A Dale anatulukira pageti n'kundikodola. "Chief, yalla, bwerani mudzakhale timu nambala naini." Geti ndinasiyira mnzanga wa ku Nepal, n'kulowa.

Pabalaza ponse panali mapepala. Anthu aja amayeza chikhatho cha mwana wa eni ndi tepi, amawerenga masekondi amene wathamanga, amadziwa zitsulo zimene amanyamula, koma kuona munthu saona. Ine ndinakulira ku Dowa, komwe atate anga ankasankhira anthu ng'ombe za ngolo pamsika, ndipo iwo sankayang'ana ng'ombe ikamakoka, ankadikira aimasule kuti aone kaimidwe kake.

Atangoyatsa TV kuti tione mavidiyo a anyamatawo, maso angawa analowa m'galasimo, anawoloka nyanja osanyowa, n'kukatera pabwalo la ku America komweko. Mukumva? Mnyamata woyamba, amene onse ankamulimbirana, ndinamuyang'ana kupyola buluku, kupyola khungu, mpaka pafupa la bondo, pomwe ndinapeza kamng'alu kochepa ngati tsitsi, kamene kanabwera ali ndi zaka sikisi atagwa panjinga ya mchemwali wake, njinga yobiriwira yopanda belu. Wachiwiri anathamanga mpaka kamera inamutaya, mthunzi wake n'kufika pambuyo ukupumira m'mwamba, koma ine ndinamuona ali mkati mwa liwirolo akuponya diso kwa anthu oonerera kufunafuna chibwenzi chake, ndipo mtsikanayo ndinamupeza ndine, pamzere wa makumi anayi, n'kuwerenganso mauthenga a mwamuna wina pafoni imene inali m'chikwama chake chotseka. Wachitatu, chimunthu choti chikaima pageti langa ngakhale mphepo singadutse, nditachiyang'anitsitsa chinamva kutentha pakhosi, chinatembenuka mkati mwa video ya chaka chatha n'kundipatsa moni. Onsewo ndinawakana.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira, ndinayenda mpaka pa TV, n'kuika chala pa mnyamata wina wakumapeto, wa kukoleji yaing'ono imene ngakhale a Dale sankadziwa komwe ili. Anzake anali atagwetsana mulu, ena akukwawa, ena akuitana amayi awo, koma iye anali chiimire, miyendo ili nji, mpweya uli phee, ngati ng'ombe imene ikudikira ngolo ina.

Azungu aja anaseka mpaka AC inazima, mafelemu anagwa pakhoma, amphaka a kompaundi yonse anathawira ku Al Muntazah ndipo ena sanabwererebe mpaka lero.

"Chief," anatero a Dale akupukuta misozi, "ameneyotu sali ngakhale pamndandanda."

"Lembani," ndinatero ine.

Analemba ndi cholembera pansi pa pepala, panambala naini, n'kundipatsa chitini cha zoziziritsa kukhosi ngati munthu womumvera chisoni.

Patapita masabata awiri, m'mawa ndikungolandira shifiti, ndinaona a Dale akuthamangira kugeti opanda nsapato, foni ili m'mwamba. Timu yeniyeni ya nambala naini inali itatenga mnyamata wanga yemwe uja, panambala yomwe ija. Mukumva? Mafoni analira mpaka netiweki ya Doha yonse inagwa, eni matimu a ku America anatumiza ndege zitatu kudzanditenga, ina inatera pamsewu pafupi ndi geti n'kuyambitsa mzere wa magalimoto wofika ku Saudi, koma ndinawabweza onse chifukwa ndinali pa duty ndipo mlonda sasiya geti. Madokotala anapima bondo la mnyamata woyamba uja, kamng'alu anakapeza, njinga nayonso anaipeza kuseri kwa nyumba ya agogo ake.

A Dale anandifunsa chimene ndinkafuna. Ndinawauza za supavayiza, ndinawauzanso za Tadala. Tsiku lomwelo analemba kalata yopita ku kampani yathu, anzawo onse anasaina, ngakhale wa m'mimba uja, kunena kuti mlonda ameneyu ali ndi maso akuthwa kuposa munthu aliyense mu Qatar ndipo akachoka iye nawonso asamuka. Supavayiza anaiwerenga kawiri ataimirira, kachitatu atakhala pansi. Kontirakiti yanga anaiwonjezera zaka ziwiri.

Tsono poti supavayizayo anabwerera kwawo kalekale, sendezani makutu, ndinena kamodzi kokha. Pa TV ija sindinkaona nkhope, sindinkaona nambala, ndinkangoona nkhungu ikuyendayenda. Ndinkangoopa kuti wina andipatsa pepala kuti ndiwerenge dzina. M'nkhungu monsemo munali kadontho kamodzi kofiira, masokosi a mwana uja, ndipo ndinaika chala pamenepo chifukwa panalibenso pena poika.

Tadala anamaliza. Magalasi mukundiona nawowa anandigulira ndi iyeyo ndi malipiro ake oyamba, ndipo tsiku limene ndinawavala m'pamene ndinadziwa kuti a Dale, munthu amene ndinamutsegulira geti zaka zisanu, ali ndi ndevu.