A Namakhwa ndi Zophulika za Kumwamba

Pa esiteti yathu munthu wachangu sankayerekeza kupereka moni kwa a Hopeson Namakhwa. Ukangoti "mwaswera bwanji," tiyi wako ankafotera m'dengu iwo akukufotokozera za zinthu zophulika kumwamba.

Anali kapitawo wopuma. Nthendayi anaitengera kwa mwana wawo Tisungane, amene anapita ku Joni kukaphunzira zakuthambo. Iye ndi anzake akaona kuti kutali kwaphulika chinthu chosadziwika, amaloza makina awo ku mlalang'amba umene chachitikira, n'kufufuza ngati nyenyezi za kumeneko zili zokalamba kapena zanthete. Akatero m'pamene amayamba kuganizira chimene chaphulika.

A Namakhwa nzeru imeneyi ankaithira paliponse ngati mchere. Tsiku lina anawaitana pa mlandu wa Dixon, woyendetsa thirakitala, amene anaswa mbale zonse za mkazi wake.

"Dixon musiyeni," anatero. "Chophulika sitichifunsa, timafunsa kwawo. Tiyeni kwawoko ku Thekerani."

Anapitadi okha, ndipo anapeza amalume a Dixon akuthamangitsa mkamwini ndi khasu. Anabwerako akunyada ngati apambana chisankho. Banja la Dixon linatha sabata yomweyo.

Ku Bvumbwe anagula mabainokyula oona diso limodzi. Madzulo alionse ankaima nawo pakhonde, ngakhale chiperoni chitatseka phiri lonse.

"Mukuona chiyani?" ankafunsa a Doris, oyandikana nawo.

"Nkhungu."

"Ndiye lowani m'nyumba."

"Kuseri kwakeko n'kumene mwana wanga amagwira ntchito."

Mkazi wa a Namakhwa atamwalira, Tisungane analephera kubwera chifukwa cha mapepala oyendera. Pamanda a Namakhwa atapatsidwa mpata wothokoza, anayamba za milalang'amba, mpaka abusa anachita kuwadula ndi nyimbo. Azimayi anaseka atabisa nkhope m'zitenje. Pobwerera a Doris anawakalipira.

"Mayi," anatero iwo, "mwana wanga ndikamufunsa za moyo, amati ali bwino, n'kudula foni. Ndikamufunsa za nyenyezi, amalankhula mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndiphunzire chiyani?"

Chifuwa chinawagwira a Namakhwa mu Juni. Anaonda mpaka jekete n'kumaoneka yobwereka, koma analetsa aliyense kuuza mwanayo, poti ankalemba mayeso omaliza. Akatsokomola pafoni, ankanamizira netiweki. Ali m'chipatala anamufunsabe ngati mlalang'amba watsopano uja wapezeka ndi nyenyezi zokalamba. Tisungane anafika titaika kale maliro awo dzulo lake.

Anakhala pakhonde, maso ali gwa.

"Ankanena chiyani za ine?" anafunsa.

Anthu anayang'anana. Kenaka Dixon anayamba kufotokoza za nyenyezi zanthete, mayi wina wothyola tiyi n'kumutsutsa, mlonda n'kulowererapo. Zonse zinali zopotoka, koma Tisungane sanakonze ngakhale chimodzi.

"Ine sindinawafunsepo kuti adya chiyani," anatero.

"Akanakunamiza," anayankha a Doris. "Ankadya kwanga."

Mwanayo anabwerera ku Joni. Nyumba ija ndi yotseka, udzu wafika pazenera, ndipo anthu poweruka amadutsa pamenepo atatsitsa mawu. A Doris amasesabe pakhondepo Loweruka lililonse, akung'ung'udza kuti munthuyo anawagonthetsa m'kutu zaka zonsezi, n'kupita osawauza kuti chinaphulikacho chinali chiyani.