Polishi wa Pakhonde

Lolemba

Kwatsala masiku asanu kuti Esnati, mwana wanga woyamba, akwatiwe. Akwera galimoto yanga popita kutchalitchi. Yanga! Osati ya alamu anga a Tembo a ku Kabulonga, amene dzulo anaimika yawo yatsopano pambali pa yanga kuno ku Kabwata, nkumati, "Alamu, mwana akwere chibekete ichi pamaso pa anthu?" Ndinaseka nawo, koma mumtima zikundiwawa mpaka pano.

Galimoto imeneyi ndinagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo chaka cha ufulu. Esnati anaphunzira kuyenda atagwirira chitseko chake chakumbuyo. Atangoyamba sukulu ndinamulonjeza kuti tsiku la ukwati wake ndidzamunyamula ndine. Injini ilibe mlandu. Vuto ndi penti. Inali yofiira ngati phwetekere, lero ikuoneka ngati njerwa yosapsa bwino.

Pulani yanga:
1. Kuitsuka ndi sopo.
2. Kuipaka polishi wa galimoto.
3. Kuiteteza ku dzuwa la Okutobala mpaka Loweruka.

Zitatu basi. Kalaliki wamkulu ngati ine ndingalephere zimenezi?

Sopo m'nyumba mulibe. Kachidutswa kamene katsala, amake Esnati akabisa, ati nka alendo.

Lachiwiri

Ndatenga tchuthi kuntchito. Ku Kamwala mwini sitolo akungoseka: "Polishi wa motoka? Bambo, mwachokera dziko liti?"

M'tauni ndaona mzere. Masiku ano ukaona mzere umayamba waima, kufunsa pambuyo. Wakutsogolo kwanga ati ndi sopo. Wakumbuyo ati mafuta ophikira. Mayi wina akulumbira kuti ndi shuga. Maola atatu padzuwa. Kufika pakauntala: makandulo! Ndagula mapaketi awiri, kuopa kubwerera chimanjamanja.

Kunyumba amake Esnati akuvina. Ati asungunula makandulowo, asakaniza ndi palafini ndi ufa wofiira uja wothira musimenti, apange polishi wa pakhonde, alendo a ukwati adzapeze pakuwala. Ine ndinapitira za galimoto, lapindula ndi khonde. Sindikumvetsa.

Lachitatu

Madzi abwera kumpopi masana dzuwa lili paliwombo. Ndikutsuka galimoto ndi madzi okha ndi malaya akale. Ikanyowa, eee, kukongola kwake! Kufiira ngati kale lomwe. Ikauma, njerwa. Ndathiranso. Kufiira. Yauma. Njerwa. Kanayi konse! Nanga penti imeneyi ikauma ikumabisala kuti?

Ba Mwansa, aneba athu a ku Luapula amene anayendetsa malole zaka zambiri, asuzumira pampanda, nkundipatsa moni m'Chibemba chawo: "Shani, bashi Esnati! Motoka sitiwasha pa zuba, penti izapsa. Ikani pa mthunzi."

Atcheyamani a chipani a m'dera lathu nawonso aima pageti: "Komuredi, madzi awa ndi a anthu onse." Ndawaitaniranso ku ukwati, ngakhale ndinawaitana kale. Apita.

Mthunzi pakhomo pano ndi umodzi wokha, wa mtengo wa mabulosi. Ndaiimika pamenepo.

Lachinayi

Mayo ine! Mabulosi agwera padenga ndi paboneti ponse. Mbalame zadya mabulosiwo, nazo zasiya zawo pomwepo, zamtundu womwewo.

Malangizo amene ndalandira lero:
- Ba Mwansa: palafini.
- Amake Esnati: palafini wanga musamuyandikire, kwechani ndi phulusa, kodi mapoto amayera ndi chiyani?
- Mkulu wa mpingo amene wabwera kudzaona za mabenchi: mafuta ophikira pang'ono pakansalu. Mafutawo ndiwatenge kuti?
- Ba Mwansa kachiwiri: "Phulusa iyayi! Mwafunta? Mutu ukuyenda bwino?" Koma afika nditakwecha kale.

Madontho achoka. Penti yachoka nawo limodzi. Galimoto tsopano ili ndi mawanga ngati nkhanga.

Dzuwa limadya penti. Mthunzi umadya penti. Kutsuka kumadya penti. Nanga a ku Kabulonga zawo amaziika kuti?

Esnati wayesa diresi lake, loyera mbee, ndi magolovesi ofika m'zigongono. Wasuzumira pawindo, waona galimoto, wangoti, "Atate, musadzivute." Mawu amenewa andilasa kuposa a alamu.

Lachisanu

Azimayi onse apita ku City Market kukagula nkhuku ndi kabichi. Ndakhala pakhonde, dzanja lili patsaya. Khonde lili psuu, kuwala mpaka ndikudziona nkhope. Khonde ndi lofiira. Galimoto ndi yofiira. Khonde limawombedwa ndi dzuwa, limapondedwa ndi nsapato, koma silisuluka. Bwanji palibe anaganizapo zimenezi m'Lusaka monse muno?

Chitini cha polishi wa amake Esnati uja chili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndayesa pang'ono paboneti. Mawanga azimiririka! Ndapaka ponseponse, ndakwecha ndi bulashi ya pansi, ndapukuta ndi juzi yakale. Chitini chatha.

Ba Mwansa aizungulira kawiri, akununkhiza. "Bashi Esnati, iyi ni motoka olo ni khonde?" Nsanje basi.

Buluku langa lafiira m'mawondo, manja nawonso, koma ntchito ndi mmene imakhalira. Amake Esnati abwera atatopa ndi nkhuku zawo, za chitini sanafunse. Lero mtima uli m'malo. Alamu adzaona!

Loweruka

7 koloko. Ikuwala! Tamanga maliboni oyera kuyambira paboneti mpaka kumbuyo.

10 koloko. Mkwatibwi sanatuluke, alangizi adakali naye m'chipinda. Dzuwa likuswa mtengo. Galimoto yayamba kuchita thukuta. Maliboni akufiirira. Fumbi limene akudzutsa alendo likungomatirira. Mwina zisiya zokha.

Alamu afika ndi suti yoyera ngati mkaka. Atsamira galimoto yanga kuti anene zawo zija. Kudzuka, msana wonse psuu! Akazi awo akukuwa. Amake Esnati akhudza chitseko ndi chala, anunkhiza: "Polishi wanga! Bambo inu, mwapaka za pakhonde pagalimoto ya mwana?"

Ndikufuna kufotokoza kuti khonde silisungunuka, nanga iyi ikusungunuka bwanji? Ba Mwansa ati simenti imamwa polishi, chitsulo sichimwa, chimangotentha. Bwanji sanandiuze zimenezi dzulo?

Alamu atsegula chitseko cha yawo. Azimayi onse akuti mwana akwere imeneyo, diresi lingaonongeke. Akunena zoona. Ine ndangoima ndi makiyi m'manja ofiirawo, manyazi andigwira.

Esnati watuluka. Wayang'ana ya amalume ake, wayang'ana yanga, wandiyang'ana ine. "Ndikwera ya atate. Amama, bweretsani zitenje."

Amukulunga zitenje zitatu, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amulowetsa ngati wodwala malungo. Ndikuyendetsa pang'onopang'ono. Misozi ikulengeza, mwina ndi fungo la palafini.

Kutchalitchi diresi latuluka loyera bwinobwino, Mulungu ngwabwino. Koma potsika chitenje chamukola mwendo, wagwira chitseko. Golovesi ya kumanja yafiira yonse. Pazithunzi waibisa kuseri kwa maluwa.

Amene afiira pa ukwatiwu:
- alamu, msana
- abusa, dzanja, nditawapatsa moni
- atcheyamani, kumbuyo kwa buluku, chifukwa anakhalira boneti podya nkhuku
- apongozi aakazi a Esnati, sindikudziwa kuti zawafika bwanji

Lamulungu

Nyumba ili zii. Esnati ali ku Chelstone kwa mwamuna wake. Kutchalitchi sindinapite, ndikuopa kuonana ndi abusa. Amake Esnati sakundilankhula, akungoyang'ana chitini chopanda kanthu chija. Akazi a alamu atumiza sopo, mtanda wathunthu, popanda uthenga. Kaya ndi mphatso, kaya ndi chipongwe. Ndalandira.

Ndikutsuka galimoto m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi madzi otentha, kutali ndi mabulosi. Polishi akuchoka. Njerwa ija yabwerera, mawanga a nkhanga nawonso. Basi, ikhale choncho. Nanenso imvi zanga sindizipaka kanthu.

Ndafika pachitseko chakumbuyo. Pafumbi lomata lija pali dzanja la Esnati, zala zisanu zonse, pamwamba pa pomwe ankagwira akuphunzira kuyenda. Ndaima, nsalu ikudontha.

Ba Mwansa pampanda: "Mwasiya apo, bashi Esnati."

Ndati ndaona. Madzi otsala ndakhuthulira patsinde la mabulosi.