Kalata ya Mayi Ili pa Mzere

Pulofesa wathu wa za udzudzu uja, amene dzina lawo linkamveka mpaka kumaiko akutali, anali ndi lamulo limodzi losagwedezeka: kalata iliyonse ankayankha, koma motsata mzere. Yobwera lero inkalowa pansi pa mulu, iwo n'kumatenga yapamwamba. Ngakhale zobwera pa kompyuta, mlembi wawo ankazisindikiza, kudindapo tsiku, n'kuzilowetsa kunsi komweko. Muluwo unatalika moti mlendo akalowa mu ofesi ankangoona dazi la Pulofesa likusuzumira kuseri kwa mapepala.

Tsiku lina kunafika mthenga wa nduna, thukuta lili kamukamu.

"Bwana akuti yankho likufunika lero."

"Akhale pa mzere."

"Ndi ndunatu, Pulofesa!"

"Ndamva. Koma patsogolo pawo pali mayi wina wogulitsa makala, akufunsa chifukwa chake udzudzu umaluma iye n'kusiya mwamuna wake. Funso lake ndi labwino kuposa la bwana wanuyo."

Mendulo ya ulemu anawapatsapo kunja, koma kalata yowaitana anaifikira mwambo utachitika kalekale. Anayankhabe, ndi mawu omwewo amene ankayambira kalata zawo zonse: "Pepani pochedwa kuyankha." Kenako anawonjezera kuti akadakonda kubwera.

Amene anasenza mtolo wonsewu ndi akazi awo. Mayiwa anazindikira msanga kuti mawu apakamwa kwa amuna awo amangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Choncho mwana wawo wamkazi atangoyamba kumwetulira yekha akuyang'ana foni, Mayi analemberatu kalata yoitanira bambo ake ku ukwati, mkamwini asanadziwike n'komwe. Inafika pamwamba nthawi yake yabwino, ndipo Pulofesa anavina ndithu.

Kenako kunabwera chifuwa, chouma, chosamva mankhwala a m'sitolo.

"Bambo, chifuwa ichi sichikundisangalatsa. Tiyeni kuchipatala."

"Ndili ndi zolemba za ophunzira zoti ndiwerenge, komiti ikundidikira, wina akufuna ndimulembere umboni wa ntchito. Lembani, Mayi."

Mayi analemba. Koma ulendo uno mtima unakana kudikira. Anapita kuofesi Pulofesa ali kuchipinda chopimira, mutu uli pa makina awo oonera tizilombo, n'kuika envulopu yawo pamwamba penipeni pa mulu. Madzulo bambo anafika kunyumba nkhope ili gwa.

"Mayi, mu ofesi mwanga mwachitika chinyengo."

"Chinyengo chanji?"

"Kalata ya dzulodzuloli yapezeka pamwamba pa za mwezi watha. Ndaibwezera pamalo pake."

"Ine ndine mkazi wanu!"

"N'chifukwa chaketu sindinaitane apolisi."

Pulofesa anaseka mpaka kusekako kunasanduka kutsokomola, n'kugwira mpando kuti asagwe. Mayi sanaseke nawo. Anachita mantha, ndipo anakwiya kuposa mmene anakwiyirapo chikwatiwireni.

Kuchipatala Pulofesa anapitadi, koma mochita kunyamulidwa, atakomokera pa desiki cholembera chili m'manja. Madokotala anangoti abwera mochedwa. Kalata ya Mayi inali itatsala pang'ono kufika pamwamba.

Mu ofesi muja tsopano muli katswiri wina, wachangu, woyankha nduna tiyi asanazizire. Mayi wa makala sayankhidwa ndi aliyense. Desiki ili mbee, ndipo pakhonde sipamvekanso kugunda kwa chidindo cha mlembi m'mawa. Amene tinkadandaula kuti Pulofesa amachedwetsa zinthu ndife tomwe timadutsa pakhomopo mofulumira, osafuna kuyang'anamo.

Mulu wotsalawo Mayi anautengera kunyumba. Anati anthu awa analembera amuna awo, sangasiyidwe m'malere. Masana alionse ankakhala patebulo ndi mwana wawo uja n'kumayankha imodziimodzi, osadumpha: "Pepani pochedwa kuyankha. Pulofesa anatisiya."

Sipanapite nthawi, pamwamba panafika envulopu ya zolemba zawo zomwe. Anaigwira, kuitembenuza, kuyang'ana tsiku lodindidwa pakona. Atatero ananyamula mulu wonse ndi manja awiri n'kuilowetsa pansi.

"Amayi, imeneyo bwanji?" anafunsa mwanayo.

"Iyi ayankha okha," anatero Mayi, akutenga yotsatira. "Ikhale pa mzere."