Wiki Yathu Munaitseka, Bulogu Yanu Ikuwala

Kwa Bwana Mkulu wa Fakitale Yathu ya Mipando,

Ndagwada, bwana, chipewa chili m'manja. Ine wopala matabwa ndine yani kuti ndilembere inu, amene mumalemba nokha ife n'kumangowerenga?

Choyamba, zikomo potitsekera wiki. Kanali katsamba ka pa intaneti komwe tonse tinkalembapo n'kumakonzerana: uyu walemba za guluu, uyo wawongola, wosesa naye waponyapo lake. Mutamva kuti antchito apanga wiki yawo, munakalipa kuti wiki ya pano ili ndi masiku asanu ndi limodzi, wofuna yake akapangire kwawo. Palibe anakuwongolerani, poti bwana salakwa, amangomva mwapamwamba. Mutazindikira kuti si ya masiku, munaitsekabe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha bulogu yanu, tsamba lanulanu la pa intaneti. Pa wiki panali chipwirikiti, aliyense mphunzitsi. Pa bulogu pali bata: mlembi mmodzi, malo a ndemanga otseka, ndi chithunzi chanu mukudula riboni. Nkhani yanu ya ubwino wodzuka m'mamawa ndaiwerenga katatu, ndipo ndikudzukadi.

Chachitatu n'chaching'ono, musatope nacho. Pa wiki paja panali kamzere kakuti: "Makina achitatu batani lozimitsira siligwira, zimitsirani pakhoma." Anakalemba ndi mkulu wina amene anapuma ntchito. Mlamu wanga atamuika pa makinawo mwezi watha, anafufuza pa bulogu yanu n'kupezapo malangizo a kamwetuliridwe ka makasitomala. Thabwa litakodwa, anadina batani. Zala ziwiri za kumanja zinatsala mu utuchi. Pano mchemwali wanga ndi amene amamumangira mabatani a malaya, ndipo ndikawaona mtima umandiwawa, bwana, apa pokha sindikuseka.

Ndinamata pepala pa makinawo, koma kapitawo analing'amba, poti munalamula kuti uthenga wonse uzichokera pa bulogu. Ine mwandisamutsira ku nthambi ina kuyambira mawa. Lolemba pa makinawo pakubwera mayi watsopano amene sakudziwa kanthu.

Ndiye pempho langa ndi ili, ngati sindikuwonjeza. Sindikuti mukonze batani, ndikudziwa muli ndi mariboni ambiri odula. Ingolembani kamzereko pa bulogu yanu Lolemba lisanafike. Munene kuti mwakatulukira nokha, muikepo ndi chithunzi chanu chachikulu chija. Ife tidzakuwomberani m'manja ndi zala zimene zatsala.

Ine wantchito wanu wosayenera kupereka ndemanga,
Wopala Matabwa