Mneneri wa m'nyumba mwathu ndi maswiti a Abiti Ndala

Kuyambira mwezi watha, ndikamapita kumsika ndimazungulira njira ya kuchigayo, ngakhale ndi yaitali. Yachidule imadutsa pakhomo pa Abiti Ndala, ndipo nkhope yoti ndiwaonetse ndilibe.

Zinayamba ndi Tadala, mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anaona pa makatuni ana a kunja atavala zigoba, akugogoda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Akuti Halowini. Naye akufuna.

Ndinamukhazika pansi ine, mphunzitsi wa Sande Sukulu, mkazi wa mkulu wa mpingo. "Iwe, zigobazo ndi za Satana. Mwana wa Mkhristu satengera chilichonse cha pa TV. Uzitengera anthu a Mulungu, wamva?"

Anamva. Kumvetsetsa kwake ndiye kunandipha.

Apa ndiulule. Bambo ake a Tadala safuna kumva za aneneri a pa TV, amati ndi mavenda a suti. Koma iwo akangopita kudoko kukagula usipa, ine ndinkatsegula tchanelo cha mneneri wina wa nsapato zosongoka. Akati "gwira sikirini", ndinkagwira ndi manja awiri, nditagwada. Ndinkaikanso botolo la madzi pamwamba pa TV kuti lidzozedwe, n'kumawaza kaunjika wanga amene anali atakana kuyenda. (Abambo atafunsa za botololo ndinati ndi lonyowetsera zovala posita. Mulungu andikhululukire.)

Loweruka masana tili pakhonde, abambo akukonza ulaliki, tinamva "Odi!"

Anali Abiti Ndala, mayi wachikulire wachisilamu wa nyumba yachitatu, akutsimphina. Kumbuyo kwawo kunali Tadala. Chigoba analibe, mwana womvera. Anavala jekete ya ukwati ya bambo ake yofika m'mapazi, tayi m'khosi, dzanja ili botolo langa, dzanja ilo jumbo ya maswiti.

"Amake Tadala," anatero Abiti, nkhope ili gwa, "ndabwera kudzadandaula. Mneneri uyu wandiuza kuti ndikabzala maswiti atatu bondo lichira. Ine wallahi ndabzala asanu a pa benchi yanga. Wandiwaza madzi, wandikankha pachipumi kuti ndigwe. Sindinagwe, bondo ndi lomwelija. Ndiye mbewu yanga mundibwezere."

Mayo ine! Kenako Abiti anawerenga nyumba zimene mneneri analowa. Zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo ya ashehe.

Abambo anavula magalasi pang'onopang'ono. "Tadala, zimenezi waziphunzira kuti?"

Ndinamutsinzinira diso mwanayo mpaka chikope kuwawa. Iye kundiyang'ana, n'kumwetulira, kuganiza kuti ndikumulimbikitsa.

"Kwa munthu wa Mulungu wa amayi. Mukapita kunyanja amagwada, amagwira TV, amakuwa kuti ndalandira! Madziwa si a simbi, ababa, ndi odzozedwa."

Abiti anaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi, mpango kugwa, misozi mbwee. Ine thukuta lokhalokha. Ndinayesa kunena kuti ndinkangofufuza ziphunzitso zonyenga kuti ndichenjeze amayi anzanga.

Abambo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Mayi, mwaphunzitsa bwino. Perekezani wophunzira wanu akabweze chopereka."

Ndinayenda nyumba zonse zija dzuwa lili pamutu, jumbo ili m'manja, ndikupepesa. Akazi a ashehe anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kundifunsa mwaulemu ngati awa okha ndingamwe osadzozedwa.

Pobwerera, tili pafupi kufika, Tadala anandigwira chitenje.

"Amayi, ndiye ndizitengera ndani?"

Sande Sukulu ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo funso lililonse la mwana ndimakhala nalo ndi vesi lake. Tsiku limenelo ndinangomuvula jekete ija, n'kuinyamula ndekha mpaka kunyumba.